Kodi woyamba tchesi atakula angafike pa Grandmaster?

Kalata yomwe ndalandira sabata ino ndi yaifupi. Mwini wake ali ndi zaka 29, ali pa ntchito, anayamba tchesi zaka ziwiri zapitazo ndipo pa Chess.com, tsamba losewererapo tchesi pa intaneti, rating yake (nambala yoyezera mphamvu ya wosewera) yafika 1500 pa magemu achangu otchedwa rapid. Akuti angathe kupatula maola awiri tsiku lililonse. Ndiye akufunsa kuti: "Nditalimbikira zaka khumi osaphonya, ndingakhale Grandmaster?"

Achimwene, funso lanuli landikhudza chifukwa ndikudziwa zomwe mukamve mukakalifunsa kwina. Alipo anthu amene akakuuzeni kuti chilichonse n'chotheka bola mtima, ndipo mawu asanathe m'kamwa akhala atakuonetsani kale kosi ya pa vidiyo yoti mugule. Zimenezi zimandiwawa. Munthu amene akuchoka ku ntchito ali wotopa n'kukhala pa bolodi maola awiri ndi woyenera kuuzidwa zoona, ndi manambala ake omwe.

Pa malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, khomo la Grandmaster (GM), dzina lapamwamba kwambiri lomwe bungweli limapereka kwa osewera, ndi lotsegula. Safunsa zaka zanu, safunsanso ngati tchesi ndiyo imakudyetsani. Bassem Amin wa ku Egypt anaphunzira udokotala, koma ndi GM yemwe anadutsapo rating ya 2700. Kungoti dzinalo analitenga mu 2006 asanakwane zaka 20. Musunge mfundo imeneyo, tiipezanso kutsogoloku.

Chomwe FIDE imafuna ndi zinthu ziwiri. Choyamba, rating yanu ifike 2500, ngakhale kamodzi kokha. Chachiwiri, mupeze ma norm okwana magemu osachepera 27, omwe nthawi zambiri amakhala ma norm atatu a magemu 9 iliyonse. Norm ndi umboni wakuti pa mpikisano umodzi mwasewera pa mlingo wa 2600. Koma si mpikisano uliwonse. Mwa anthu 9 omwe mwakumana nawo, atatu akhale ma GM, theka akhale ndi maina aulemu a FIDE monga GM, avereji ya rating yawo isatsike pa 2380, ndipo pakhale ochokera m'maiko ena osachepera awiri kupatula lanu. Avereji yawo ikakhala 2380 mufunika mapointi 7 pa 9. Ikakhala cha m'ma 2500 mufunika 6. Ikafika cha m'ma 2560, mapointi 5 akwana. Kupambana ndi pointi imodzi, kufanana mphamvu ndi theka.

Papepala zikuoneka ngati masamu wamba, koma taganizani izi. Mwasewera magemu 7, muli ndi mapointi 4 ndi theka, mukufuna 6. Kwatsala magemu awiri, ndiye kuti kugonja kamodzi kokha zonse zathera pomwepo. Mawa mwagwira zakuda, wokumana naye ndi GM wa 2580 yemwe usiku uno ali pa kompyuta kuyang'ana magemu anu onse a zaka zisanu zapitazi, kufuna pomwe mumaterereka pa opening yanu, kayambidwe kanu ka gemu. Ndipo pa mpikisano wa Swiss, pomwe amakukumanitsani ndi wa mapointi ofanana ndi anu, simusankha wosewera naye. Mutha kupeza mapointi okwanira koma norm osaipeza, chifukwa GM wachitatu simunakumane naye, kapena chifukwa tsiku loyamba munapatsidwa munthu wa rating yotsika yemwe wagwetsa avereji. N'chifukwa chake ambiri amathamangira mipikisano ya anthu 10 yokonzedwera ma norm, monga First Saturday ya ku Budapest. Koma kuyambira mu 2022 FIDE inati norm imodzi mwa zonsezo ichokere ku mpikisano wa Swiss wa anthu osachepera 40.

Tsopano za 1500 yanu ija. Imeneyo si rating ya FIDE, ndipo musaziike pa sikelo imodzi. Chess.com ili ndi kawerengedwe kake, tsamba lina la Lichess lili ndi kake, moti ku Lichess aliyense amayambira pa 1500 asanasunthe n'komwe pawn. Gemu ya rapid ya mphindi 10 ndi yosiyana kwambiri ndi gemu ya mpikisano, pomwe aliyense amapatsidwa mphindi 90 za kusuntha koyamba 40, kenako mphindi 30 zina, kuphatikiza masekondi 30 pa kusuntha kulikonse. Gemu yotere imatha maola anayi kapena asanu. Pa intaneti mukalakwitsa mumadina gemu ina. Pa bolodi mumakhala nacho cholakwacho maola atatu, mukuchiyang'ana, wotchi ikuyenda, mnzanuyo akukufinyani pang'onopang'ono. Samalaninso ndi dzina la Arena Grandmaster lomwe limaperekedwa pa FIDE Online Arena. Ndi la magemu a pa intaneti, ndipo mlingo wake uli kutali kwambiri ndi GM weniweni. Ndimaona anthu akulemba AGM patsogolo pa dzina lawo, oyamba kumene n'kumaganiza kuti ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi ayi.

Ngakhale titati 1500 yanuyo ndi ya FIDE, pakati pa inu ndi 2500 pali masitepe asanu a mapointi 200. Pa kawerengedwe ka rating kotchedwa Elo, munthu wokuposani ndi 200 amayembekezeka kutenga mapointi 76 pa 100 mukamasewera naye. Wokuposani ndi 400 amatenga oposa 90. Ndiye mufunika kukhala munthu wogonjetsa inu wa lero katatu pa kanayi kalikonse, kenako kukhala wogonjetsa ameneyo chimodzimodzi, mpaka kasanu. Masitepewo sali ofanana. Kuchoka pa 1500 kufika 1700 ndi kusiya kupereka knight kapena bishopu mwaulere ndi kuona ma tactic, misampha ya kusuntha kuwiri kapena kutatu. Kuchoka pa 2300 kufika 2500 ndi kugonjetsa anthu omwe sapereka kanthu mwaulere, omwe mumawapambana chifukwa cha pawn imodzi yofooka yomwe munaiona kusuntha 20 kusanachitike.

Ngakhale masamu a rating amakondera ana. Pali nambala yotchedwa K yomwe imanena kuchuluka kwa mapointi omwe mumapeza kapena kutaya pa gemu. Mwana wosakwana zaka 18 yemwe sanafike 2300 ali ndi K ya 40. Wamkulu ali ndi 40 pa magemu ake 30 oyamba okha, kenako 20. Mukangofika 2400 imatsika kufika 10 mpaka kalekale. Mwana akagonjetsa wofanana naye amapeza 20, inu 10, ndipo wa 2400 amapeza 5. Palinso vuto lina lomwe aliyense wosewera mipikisano amalidziwa: ana amakula msanga kuposa rating yawo. Mumakhala pansi ndi kamtsikana ka zaka 11 kolembedwa 1600 koma kakusewera ngati 1900, ndipo kakakugonjetsani mumataya mapointi ngati mwagonja kwa wofooka.

M'mera mpoyamba, ndipo pa tchesi mawuwa ali ndi manambala. Bobby Fischer anakhala GM mu 1958 ali ndi zaka 15, dziko n'kudabwa. Judit Polgar anafika mu 1991 ali wamng'ono kuposa mmene analili Fischer. Sergey Karjakin anafika mu 2002 ali ndi zaka 12 ndi miyezi 7, Magnus Carlsen mu 2004 ali ndi 13, Abhimanyu Mishra mu 2021 ali ndi zaka 12 ndi miyezi 4. Chifukwa chake si chakuti ana ndi anzeru kuposa akuluakulu. Adriaan de Groot wa ku Netherlands, kenako William Chase ndi Herbert Simon mu 1973, anaonetsa kuti katswiri akaona bolodi masekondi ochepa amatha kubwezera pafupifupi zonse m'malo mwake, bola zikhale zochokera mu gemu yeniyeni. Zikangomwazidwa mwachisawawa, mphamvu yake yambiri imatha. Ndiye kuti chomwe ali nacho ndi zithunzi masauzande ambiri za kakhalidwe ka bolodi zomwe zinakhazikika m'mutu, moti kusuntha koyenera kumamubwerera asanayambe kuwerengera. Mwana amazimeza zithunzizi monga amaphunzirira chilankhulo. Wamkulu amaziphunzira ndithu, koma mochedwa, ndipo wotchi ikamatha amabwerera ku zizolowezi zake zakale.

Maola anu awiri pa tsiku kwa zaka khumi ndi maola 7,300. Fernand Gobet ndi Guillermo Campitelli anafufuza osewera a ku Argentina, ndipo zomwe anasindikiza mu 2007 zinaonetsa kuti kufika pa mlingo wa master, cha m'ma 2200, kunkatenga avereji ya maola pafupifupi 11,000. Wachangu kwambiri anatenga pafupifupi 3,000, wina oposa 23,000, ndipo ena anathera maola ochuluka osafikapo. Apo ndi pa 2200. GM ali mapointi 300 pamwamba pake, ndipo ndi 300 yovuta kuposa yonse.

Nanga aja anafika mochedwa?

Awa ndi maina omwe ogulitsa maloto amakonda kutchula, ndipo amawatchula mwachinyengo. Ben Finegold wa ku America anakhala GM mu 2009 ali ndi zaka 40, zoona. Koma anali International Master (IM), dzina lomwe lili pansi pa GM, kuyambira mu 1990, ndipo tchesi anaiyamba ali kamwana. Larry Kaufman anatenga dzinali mu 2008 ali ndi zaka za m'ma 60 atapambana World Senior Championship, koma anali IM kuyambira mu 1980. Anthu awiriwa anachedwa pa sitepe yomaliza yokha. Ye Jiangchuan wa ku China anayamba tchesi ali ndi zaka 17 n'kukhala GM mu 1993, koma moyo wake wonse unakhala tchesi. Woyandikira nkhani yanu ndi John Shaw wa ku Scotland, yemwe ali ndi zaka 19 anali cha m'ma 1700 ndipo anakhala GM mu 2006 ali ndi zaka 37. Taonani bwino: pa zaka 19 anali kale pamwamba pa pomwe inu muli pa zaka 29, ndipo zinamutengerabe zaka 18. Mwa onsewa palibe anayamba cha m'ma 27 ali ndi ntchito ina ya tsiku lonse.

Ndipo luso lokha silikwana ngati mipikisano ya ma norm ili kutali nanu. Amon Simutowe wa ku Zambia, GM woyamba wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, anali katswiri wa dziko lake ali mnyamata wa zaka za m'ma 14. Norm yake yachitatu anakaipeza mu 2007 ku Arnhem, ku Netherlands, ndipo dzinalo linatsimikizika mu 2009 atakwanitsa 2500. Munthu waluso lotere anayenda zaka zambiri kusaka ma GM oti asewere nawo. Mpikisano umodzi wa magemu 9 umadya sabata yathunthu kapena kuposa, ndipo wosaka norm amasewera yambiri pa chaka, yochuluka mwa iyo n'kubwerako chimanjamanja. Tchuthi cha ku ntchito sichingakwane zimenezo. Ilipo njira yachidule: wopambana mpikisano wa kontinenti yonse, World Junior kapena World Senior amapatsidwa GM mwachindunji, monga zinachitikira Kenny Solomon wa ku South Africa atapambana mpikisano wa Africa mu 2014. Koma kuti mupambane pamenepo muyenera kugonjetsa ma GM omwewo.

Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi, achimwene, ndipo sindikufuna kulifewetsa. Kuyambira mu 1950, pomwe FIDE inapereka dzinali kwa anthu 27 oyamba, omwe alilandira ndi pafupifupi 2,000 okha padziko lonse, pakati pa mamiliyoni osewera. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zomwe loto la GM limachita kwa wamkulu woyamba kumene. Amayamba kuphunzira ngati GM: kuloweza kusuntha 20 kwa opening yotchedwa Najdorf pomwe magemu ake akuthera pa kusuntha kwa 14 chifukwa sanaone fork ya knight, pomwe knight imaopseza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Akaima pa 1650 chaka chathunthu, zomwe zimachitikira pafupifupi aliyense, amadziona wolephera n'kusiya. Chikhalirecho 1800 ya FIDE ndi munthu woopsa pa kalabu iliyonse, 2000 kwa woyamba atakula ndi chinthu chachikulu zedi, ndipo Candidate Master, yomwe imafuna 2200 popanda norm, ndi phiri lokwanira moyo wonse. Sindimvetsa chifukwa chake tazolowera kupeputsa zimenezi.

Maola anu 14 a pa sabata muwagawe motere. Mphindi 30 tsiku lililonse zikhale za ma tactic, ndipo musasunthe kanthu mpaka mutawerengera mzere wonse m'mutu, chifukwa kungoyesa kusuntha kooneka bwino kumaphunzitsa kulota. Kamodzi pa sabata sewerani gemu yaitali, ya mphindi zosachepera 45 aliyense, muilembe, ndipo muipende nokha ola limodzi musanatsegule Stockfish, injini ya pa kompyuta yopenda magemu. Lembani zomwe munkaganiza pa kusuntha komwe munalakwitsa, popeza injini ikuuzani kusuntha koyenera koma siidziwa chomwe chinakusokeretsani. Maola awiri apite ku ma endgame, mathero a gemu: opposition (kuyang'anizana kwa mafumu) ya mfumu ndi pawn, kenako njira zotchedwa Lucena ndi Philidor pa ma rook, mpaka muzizichita wotchi itatsala masekondi 30. Opening imodzi ya zoyera ndi ziwiri za zakuda, yoyankha zoyera zikayamba ndi 1.e4 ndi ina yoyankha 1.d4, zikukwanirani zaka ziwiri. Blitz, magemu a mphindi zochepa chabe, isapitirire ola limodzi pa sabata. Lowani mpikisano wowerengedwa ndi FIDE chaka chino. Magemu 5 ndi anthu omwe ali kale ndi rating akupatsani yanu yoyamba, ndipo mukakwanitsa magemu 30 mundilemberenso nambala yomwe mwaima, tidzaone ngati chotsatira ndi 1800 kapena 2000.