Kuti anthu a m'nkhani yanu asamalankhule mofanana

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake anthu onse a m'nkhani yanu yopeka akulankhula ngati munthu mmodzi. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti mlembi amawaika mawu ake omwe m'kamwa asanamvetsere mmene anthu oterowo amalankhulira.

Pitani kumsika wa Kapata muno mu Chipata, mukaime pafupi ndi mayi wogulitsa nshawa, mukamve mmene amakanira kutsitsa mtengo popanda kunena kuti "ayi". Wochokera ku Petauke amaponyamo Chinsenga, mnyamata wonyamula anthu panjinga amadula mawu chifukwa ali pachangu, pamene mkulu wa ku Mtenguleni amayamba ndi malonje aatali asanatchule chimene wadzera.

Samalani kwambiri ndi mawu aulemu, pakuti ine ndimaona kuti alembi atsopano amataya mwayi waukulu pamenepa. Mkamwini sanganene apongozi ake kuti "iwe", ndipo tsiku limene adzatero m'nkhani yanu, owerenga adzadziwa okha kuti banja lagwedezeka, inu osafotokoza kanthu.

Mukamaliza kulemba, bisani mayina a olankhula, muwerengere mnzanu mokweza. Paliponse pamene walephera kuzindikira amene akulankhula, lembaninso.