Thirakitala ikulira m'giyabokosi, kodi ndiiphwasule?

Bambo wina wa ku Mchinji wandilembera imelo. Ali ndi Massey Ferguson 135 imene anasiya malemu bambo awo. Akuti ikamayenda ikulira kunsi kwa mpando, giya yachiwiri ikumachoka yokha ngolo ikalemera, ndipo makaniko wawauza kuti ayigawe pakati, kutanthauza kuimasula ikhale zigawo ziwiri kuti afike m'giyabokosi. Akufunsa ngati avomere.

Bambo, dikirani kaye. Thirakitala zimenezi zinapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, ndiye kulira pang'ono si chachilendo. Chofunika n'kudziwa kumene phokosolo likuchokera musanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Yambani ndi oyilo. Pa 135, giyabokosi, hydraulic (yonyamulira khasu) ndi difu (magiya ogawa mphamvu ku matayala akumbuyo) zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi, choncho akawonongeka zonse zimadwalira limodzi. Tulutsani pang'ono m'beseni loyera, mumuone padzuwa. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, ndipo nthawi zambiri amadutsira pa labala wong'ambika wa patsinde pa ndodo ya giya, makamaka ngati thirakitala imagona panja m'dzinja. Kenako yendetsani maginito m'besenimo. Fumbi lachitsulo losalala pa chala lisakuopseni, ndi ukalamba basi. Koma mukapeza tizidutswa tolasa chala, dzino la giya kapena bearing yayamba kunyenyeka.

Tsopano mvetserani. Lizani injini, giya ili pa neutral. Ngati phokoso likutha mukaponda kilatchi mpaka pansi, vuto lili m'giyabokosi, kawirikawiri pa bearing ya shafuti yolowetsa mphamvu ya injini m'giyabokosi. Likamayamba phazi likangokhudza kilatchi, ndi release bearing, bearing imene imakankha kilatchi. Likamamveka pa giya imodzi yokha, mano a giya imeneyo adyeka. Likamakwera malinga ndi liwiro la matayala pa giya iliyonse, kayang'aneni kumbuyo, ku difu.

Za giya yothawayo ndiye zandidetsa nkhawa. Mwina kasipuling'i kogwira selector (chitsulo chosankhira giya) kafooka, mwina foloko yokankha giyayo yadyeka, mwinanso mano aphwanyika m'mbali. Chonde musamaigwirizire ndi dzanja poyenda, mukungomaliza folokoyo. Dziwaninso kuti giyabokosi yakale ya 135 ilibe synchromesh, chipangizo chothandiza kuti giya ilowe bwino poyenda. Imafuna muime kaye musanasinthe giya, ndipo madalaivala ozolowera galimoto ndi amene amaphwanya manowa.

Ngati oyilo alibe tizidutswa, musintheni, ikani labala watsopano, makaniko ayang'ane kaye selector ndi kasipuling'i kake. Mukapeza tizidutswa, makaniko wanu akunena zoona. Imikani thirakitalayo lero lomwe, chifukwa kachitsulo kamodzi kakafika ku pampu ya hydraulic mudzagula zinthu ziwiri. Akaigawa, asinthiretu ma seal ndi kuona kilatchi nthawi yomweyo.