Mawu a mkuluyo ndi oona, koma chenjerani ndi omuzungulira

Achimwene, mwalemba kufunsa ngati mupite kumene katswiri wina wa nyimbo wakuitanani. Ngati katswiriyo anaimitsadi bandi yake kuti amvetsere gitala wanu pa Kasungu pano, kenako n'kukuuzani kuti mukamupeze ku Lilongwe, musakayike kuti waona kanthu mwa inu, chifukwa anthu amenewa sataya nthawi ndi munthu wopanda luso. Komabe nkhani yanuyi ndaiwerenga mtima ukuwawa, popeza inenso ndinaitanidwapo chimodzimodzi.

Ine ndinaphunzirira pa banjo wachigubu kwathu ku Chamama, nsambo zake zili mawaya a mabuleki a njinga, ndipo gitala weniweni ndinayamba kumugwira kukwaya. Woyimba wina amene ndinkamumvera pa wayilesi kuyambira ndili mwana atabwera pa boma, anandiona ndikusuzumira pamene ankayesa zida masana, ndipo anandipatsa gitala wake. Anandipinda chala chamkombaphala kuti ndizikanikiza nsambo ndi nsonga, pafupi ndi kachitsulo osati pamwamba pake, n'kundiuza kuti ndisiye kuthamanga, ndizimvera ng'oma ndi besi. Phunziro limenelo ndikudyerabe mpaka lero, ndipo mkuluyo sindimuda ayi.

Amene anandipweteka ndi manejala wake. Ndinagulitsa soya wanga mitengo isanakwere, ndinayenda makilomita oposa 120 mumsewu wa M1, ndipo nditafika ndinapeza kuti nambala imene ndinapatsidwa inali ya munthu ameneyu. Anandisiya pageti dzuwa lonse, gitala wobwereka ali kumsana, mlonda akudya nsima yake ine ndikumeza malovu. Atandilowetsa, ntchito yanga inakhala kunyamula masipika ndi kukulunga mawaya, ndipo ndinkagona pa makatoni m'chipinda chosungira zida. Usiku wina woyimba gitala wa bandiyo sanabwere ku situdiyo, choncho anandiuza kuti ndiyesepo, ndipo ndinaikamo kachigawo kamene ndinapeka ndekha potsanzira ng'oma za chimtali cha kwathu. M'mawa mwake anandipatsa ndalama yokwerera basi yokha, amvekere, "Bwana akuimbirani."

Patapita miyezi ndili mu minibasi pa Mponela, nyimbo ija inalira pa wayilesi, ndipo kondakitala anapempha dalaivala kuti akweze mawu. Kachigawo kanga kaja n'kamene kanatsegula nyimbo. Thupi lonse linachita tsemwe, ndipo ndinauza mayi amene ndinakhala nawo pampando kuti gitala ameneyo ndikuyimba ndine. Mayiwo anayang'ana nkhwaira zanga zafumbi n'kuphulika kuseka, minibasi yonse n'kulandira. Nditatsika pa Madisi ndinamuimbira manejala uja manja akunjenjemera, ndipo poyamba anandifunsa kuti ndine yani, kenako anati ndizithokoza kuti mwana wakumudzi ngati ine ndinaponda mu situdiyo. Dzina langa silinalembedwe paliponse. Anthu otere ndi nkhupakupa zenizeni, amanenepa ndi thukuta la ana osauka amene sadziwa kolowera, ndipo amaima pakati kuti mwini wake asamve dandaulo lanu.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuti pitani ndithu, chifukwa mukakhala pano mudzakalambira m'maukwati ndi m'mazinkhoswe. Musagulitse chimanga cha pakhomo, ndipo ndalama yobwererera muisunge pamalo pamene simungaikhudze. Musanayimbe chilichonse chojambulidwa, mugwirizane polemba kuti mulandira zingati ndiponso kuti dzina lanu lilembedwa, ndipo nyimbo zimene mwapeka nokha mukazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992. Mukapeza mpata mukafikenso ku Music Crossroads ku Area 23, kumene achinyamata amaphunzira nyimbo mwadongosolo, kuti musadalire khomo limodzi.

Koma musakatulutse mapepala tsiku loyamba lomwelo, angakuoneni ngati wamatama n'kukubwezerani pageti. Masipikawo mukanyamule mosanyinyirika, popeza ine ndinaphunzira zambiri nditakhala kuseri kwa sipika ndikuyang'ana zala za anzanga. Manejala mukamupatse ulemu wake, koma nkhani ya ndalama mukakambe ndi mkuluyo pamaso, pali mboni, ndipo musananyamuke muonetsetse kuti nambala imene muli nayo ndi yake yeniyeni.