Thornton Heath ili mu London kapena ku Surrey, nanga council tax alipira ndani?

Mayi wina amene wangosamukira ku Thornton Heath, komwe akugwira ntchito yosamalira okalamba, wanditumizira imelo. Akuti pa pepala la lendi eni nyumba analemba "Surrey", anzake akumuuza kuti ali mu London, pomwe kalata yoitanitsa council tax, msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo, yachokera ku Croydon. Funso lake nlakuti: "Kodi ineyo ndili pansi pa ndani, ndipo ndalamayi ndilipire ndine kapena eni nyumba?"

Mayi, muli mu London, chifukwa Thornton Heath ili m'dera la Croydon. Eni nyumbawo sakunama, angotsalira m'mbuyo. Kale Croydon inalidi mbali ya Surrey, koma mu 1965 boma linakonzanso malire n'kupanga Greater London, yokhala ndi maboro 32 (madera okhala ndi khonsolo yawoyawo) komanso City of London yomwe ili payokha. Croydon yakale inaphatikizidwa ndi dera la Coulsdon ndi Purley, n'kukhala London Borough of Croydon. A positi anapitiriza kulemba "Surrey" mpaka 1996, ndipo achikulire ambiri dzanja linazolowera. Khonsolo ya Surrey ilibe nanu gawo lililonse.

Postcode nayonso musaidalire pa nkhani ya malire. Yanu ikuyamba ndi CR7, koma anthu a ku South Norwood ali ndi SE25, a ku Norbury ambiri ali ndi SW16, ndipo onsewa ndi a Croydon. Ku Crystal Palace ndiye kumasokoneza zedi, chifukwa maboro asanu amakumana chakumeneko: Croydon, Bromley, Lambeth, Southwark ndi Lewisham. Mnzanu wa kutsidya kwa msewu atha kukhala ndi tsiku lina lotulutsira zinyalala komanso msonkho wosiyana ndi wanu. Amene wakutumizirani kalata ya council tax ndiye khonsolo yanu, basi.

Croydon si kadera kakang'ono ayi. Pa kalembera wa 2021 munapezeka anthu oposa 390,000, kuposa boro ina iliyonse mu London. Inagawidwa m'mawodi 28 okhala ndi makhansala 70, ndiye kuti mawodi ambiri ali ndi makhansala awiri kapena atatu, osati mmodzi ngati kwathu. Khonsoloyi ndi imene imayang'anira zinyalala, malo a ana m'sukulu, nyumba za khonsolo, chisamaliro cha okalamba ndi ana, malaibulale, ziphaso zomangira ndi misewu yambiri ya m'makwalala. Mabasi, tramu ndi misewu ikuluikulu ngati A23 ndi za Transport for London, yomwe ili pansi pa meya wa London yense. Chipatala ndi cha NHS. Za viza ndi za Home Office, ngakhale ambiri a ife tinaidziwa Croydon chifukwa cha Lunar House, nyumba imene tinkapitako pa nkhani za viza. Mukapita kukhonsolo ndi nkhani ya viza, mwangotaya ya basi.

Mameya ndiye alipo atatu, musadabwe. Pali wa London yense, udindo umene unayamba mu 2000. Pali wa Croydon wosankhidwa ndi anthu mwachindunji, amene ali ndi mphamvu zoyendetsa khonsolo. Anthu anavomereza dongosololi pa riferendamu ya 2021, ndipo woyamba kusankhidwa mu 2022 anali Jason Perry. Wachitatu ndi wa mwambo, wovala tcheni, amene makhansala amasankha pakati pawo chaka ndi chaka kuti azitsogolera misonkhano ndi kupezeka pa zochitika. Mukakhala ndi dandaulo, yambani ndi khansala wa wodi yanu, osati atatuwa.

Tsono za ndalama. Kwathu ma city rates amalipira ndi mwini nyumba, koma ku England council tax imagwera wokhala m'nyumbamo. Ngati mwabwereka nyumba kapena flat yonse, ngongoleyo ndi yanu. Koma ngati mwabwereka chipinda chimodzi m'nyumba imene aliyense ali ndi mgwirizano wakewake ndi eni ake, kawirikawiri amalipira ndi mwini nyumba. Werenganinso pepala lanu la lendi, ndipo muone dzina limene lili pa kalatayo. Nyumba zinaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo wake wa mu 1991. Mukakhala wamkulu mmodzi yekha m'nyumba, amakuchotserani 25 peresenti, koma muyenera kupempha nokha. Chonde kalata imeneyi musaiike pansi pa matiresi. Mukaphonya mwezi n'kunyalanyaza zikumbutso, atha kuitanitsa ya chaka chonse nthawi imodzi, kenako nkhani imapita kukhoti.

Mukaona kuti ndalamayo yachuluka, pali chifukwa. Khonsolo ya Croydon inagwa pa chuma. Mu Novembala 2020 inatulutsa chidziwitso chotchedwa section 114, chosonyeza kuti ndalama zolowa sizikukwanira zotuluka, ndipo inabwerezanso mu Disembala chaka chomwecho ndi mu Novembala 2022. Ngongole inafika pafupifupi £1.6 biliyoni, ndipo kampani yake yomanga nyumba ya Brick by Brick inali pakati pa mavutowo. Mu 2023 boma linailola kukweza council tax ndi pafupifupi 15 peresenti popanda kufunsa anthu. Ine ndimaona kuti apa anthu wamba analipitsidwa mlandu umene sanapalamule.

Chimene Amalawi ambiri kuno sadziwa nchakuti atha kuvota. Malawi ali mu Commonwealth, choncho ngati muli ndi chilolezo chokhala m'dzikomu, mutha kulembetsa m'kaundula wa ovota pa intaneti n'kusankha nawo makhansala, meya, ngakhale phungu. Kaundulayo amasunga ndi khonsolo yomweyo ya Croydon. Pa tsiku lovota mutenge pasipoti yanu, chifukwa kuyambira 2023 amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi.