Alamu, za chivindikiro cha pikapu chija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona pagulu pano, loti mukufuna kuika chivindikiro chopinda chija, roller shutter, pa Hilux yanu ya double cab, ndiye mwapeza ziwiri ku Joni, chokoka ndi manja ndi cha magetsi. Ndati ndingoyankha ndi mawu, kulemba kungatalike.

Musanafunse n'komwe mtengo, tengani tepi mupite pagalimoto. Chivindikirochi chili ngati zitseko za m'mashopu zija zopindikira m'mwamba, kungoti ichi chagona. Mukachitsegula chimakadzikulunga m'bokosi lomwe amalimangirira kutsogolo kwa bodi, kuseri kwa kabini. Bokosi limenelo silichoka, mutsegule kaya mutseke lili pompo, ndipo limadya masentimita 25 mpaka 30. Nanga bodi ya double cab si pafupifupi mita imodzi ndi theka basi? Ndiye pamwamba pamakutsalirani mita imodzi ndi masentimita 20 kapena kupitirirako pang'ono. Pansi pa bokosi pamakhala mpata, matabwa, mapaipi ngakhale thumba logoneka zimalowa. Koma chinthu choimirira, dilamu ya malita 200, firiji, jenereta yaikulu, sichifikanso kukabini. Chimakhalira chakumbuyo, pamene katundu wolemera amafunika kutsogolo kuti galimoto isamapepuke kumaso.

Yezaninso kuya kwa bodi, simufika theka la mita. Matumba a chimanga a makilogalamu 50 mukasanjikiza awiri, nthawi zambiri afika kale m'milomo, chivindikiro chimayamba kukhula kapena kukana kutseka. Ndiye dzifunseni kuti galimotoyi imanyamula chiyani masiku ambiri. Ngati ndi makatoni a ku shopu, zikwama, zida zantchito, gulani, mudzasangalala nacho. Ngati ndi chimanga, fetereza, simenti, musataye ndalama, lona yabwino ndi zingwe zikukwanirani. Palinso ichi, kwathu kuno pikapu imanyamula anthu, pamaliro, paukwati, ndipo anthu amakhala m'mphepete mwa bodi, ndendende pamene pamadutsa tinjanji ta chivindikiro. Kanjanji kamodzi kakangopindika pang'ono, chivindikiro chonse chimakakamira pamenepo. Mwana asakhale pabokosi, munthu asaponde pamwamba pomanga katundu.

Tinene kuti mwasankha kugula. Tengani cha timapale ta aluminiyamu tolumikizana, topakidwa utoto wouma uja wa powder coat. Zilipo zina zokutidwa ndi chikopa cha pulasitiki pamwamba, zimaoneka bwino zili zatsopano, koma dzuwa la mu Okutobala limachiumitsa chikopacho mpaka kuyamba kusweka ndi kumatuka m'mbali. Mukafika pogulitsa, dinikizani ndi chikhatho pakati pa chivindikiro chotseka. Chikamabonyoka mosavuta, timapale take n'topyapyala. Kokani mpaka kumapeto, bwezani, kangapo konse, mumve ngati chikuyenda mofanana mbali zonse ziwiri. Funsaninso ngati chimaima ndi kukiyika panjira, chifukwa zina zimakiyika kumapeto kokha. Choima panjira chimathandiza mukanyamula chinthu chachitali kumbuyo, kwinako n'kutseka.

Za magetsi kapena manja, ine ndikuti tengani cha manja. Cha magetsi chili ndi mota, rimoti, fyuzi ndi mawaya ochokera ku batire kudutsa pansi pa galimoto. Pa tara m'tauni chimagwira bwino. Koma mseu wanu wopita kumudzi ndi wafumbi ndi mabampu, fumbi likadzaza m'tinjanji mota imavutika kukoka, fyuzi imapsa, kapena chimangoima pakati chifukwa chikuona ngati chagunda chinthu. Tsiku lomwe batire yatha, katundu wanu watsekeredwa mpaka mutapeza kachingwe komasulira, ndipo kawirikawiri kamakhala mkati. Mota ikafa mudikira ya ku South Africa. Cha manja chili ndi sipuling'i, lamba wokokera ndi loko, basi.

Tsopano pa kukwanira pake ndi pamene ambiri amaluza ndalama. Zivindikirozi amapangira galimoto iliyonse payokha. Cha Ford Ranger sichikhala pa Hilux, cha Isuzu D-Max chimodzimodzi, ndipo ngakhale Hilux yomweyo, bodi ya zaka za 2005 mpaka 2015 ndi yosiyana ndi yomwe inatsatira. Wogulitsa mumuuze chaka, kuti ndi double cab, ndipo mumutumizire zithunzi za m'milomo mwa bodi. Ma Hilux ena a ntchito ali ndi ngowe zomangira zingwe kunja kwa bodi, ena ndi osalala, makilampu ake omangira tinjanji kubodi safanana. Ngati muli ndi pulasitiki yoyala m'bodi ija, onani ngati ikukwera kuphimba milomo. Ikamakwera, iyenera kudulidwa, apo ayi tinjanji tikhala pa pulasitiki yoterera m'malo mwa chitsulo ndipo tizisuntha. Chitsulo chokongoletsa chija cha kuseri kwa kabini, sports bar, chimaponda malo omwewo a tinjanji, ndiye mwina chichoke, mwina mugule mabulaketi ake ochikweza pamwamba. Mufunse musanalipire. Mukaganiza kuti mtsogolo mudzafuna kunyamula makwerero kapena malata pamwamba, sankhani tinjanji tokhala ndi mpata womangirapo zitsulo zopingasa, amati T-slot. Kulemera kumapita pa tinjanji ndi bodi, osati pa timapale.

Za chitetezo mumvetsetse bwino apa. Loko wa chivindikiro alibe ntchito ngati chitseko chakumbuyo sichikiyidwa. Wakuba sadzavutika ndi aluminiyamu, adzangotsitsa chitsekocho n'kusolola katundu. Mapikapu ambiri amabwera opanda loko pachitseko chimenecho. Kaoneni chanu. Ngati palibe, sankhani chivindikiro chomwe chikatseka chimagwira chitsekocho kuti chisatsike, kapena muikitse loko wake tsiku lomwelo.

Madzi. Wogulitsa akakuuzani kuti simulowa ndi dontho lomwe, musamukhulupirire. Mvula imagwa pamwamba, imatsata tinjanji, imakathera m'bokosi, ndipo kuchokera m'bokosimo pali timapaipi tiwiri totulutsira madzi kunja, zina zimakhalanso ndi tina tiwiri kumbuyo. Timapaipi timeneti tiyenera kutulukira kunja kwa bodi, m'mabowo omwe alipo kale, kapena aboole atsopano n'kupakapo utoto kuti pasachite dzimbiri. Tisapindike, ndipo titsetsereke. Mvula isanayambe mu Novembala, tsegulani pamwamba pa bokosi, chotsani masamba, gaga, mchenga, kenako thirani madzi a m'botolo la malita awiri muone ngati akutuluka pansi mbali zonse. Kapaipi kakatsekeka, bokosi limadzaza ndipo madzi amasefukira pa katundu yemwe mwamuika kutsogolo poganiza kuti ndi pouma. Ufa, shuga, mapepala, muziikabe m'pulasitiki kapena pa mphasa yokwezeka pang'ono.

Fumbi ndiye limadabwitsa anthu. Munthu amatseka bwinobwino, akafika n'kupeza katundu yense wafiira kuposa kale, n'kumati chivindikiro n'chabodza. Fumbilo sililowera pamwamba ayi. Galimoto ikamathamanga, bodi yotsekeka imakoka mpweya kudzera m'mipata ya chitseko chakumbuyo, m'mbali ndi pansi pake, ndipo kumbuyoko ndi kumene fumbi la matayala limazungulira. Madzulo, ikani tochi yoyaka m'bodi, tsekani zonse, muime kumbuyo. Paliponse pamene pakutuluka kuwala ndi pamene fumbi lidzalowere. Mankhwala ake ndi labala womata m'mbali zitatu za chitsekocho, amagulitsa ngati tailgate seal. Muitanitse pamodzi ndi chivindikiro, mtengo wake ndi wochepa poyerekeza.

Poika, pakhale anthu awiri, chifukwa chonse chimalemera makilogalamu 30 kapena kuposa. Bokosi liyambe kukhala, tinjanji tilowe m'bokosi, makilampu amangidwe pang'ono chabe poyamba, kawirikawiri atatu mbali iliyonse. Kenako yezani mpata wa pakati pa tinjanji kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, manambala atatuwo afanane. Akasiyana ndi mamilimita ochepa okha, chivindikiro chimalimba pofika kumapeto, kapena chimapulumuka m'njanji. Kokani ndi kubweza kangapo muli chimasulire, chikamayenda bwino ndiye mumange, pang'onopang'ono mosinthana mbali. Mnyamata wa sipanala asakokere mphamvu zake zonse, aluminiyamu ndi yofewa, kanjanji kamapendekeka. Pakatha sabata ziwiri mukuyenda m'mabampu, bwererani pa mabawuti onse, amakhala atamasuka.

Ndipo chonde alamu, girizi kapena oilo wa injini asayandikire tinjanji. Ndikudziwa kuti pamalo otsukira magalimoto amathamangira zimenezo chikayamba kulira. Girizi amagwira fumbi, zimasanduka phala lokhakhala lomwe limadya tinjanji ndi malabala. Tsukani ndi madzi a sopo ndi kamswachi, ziume, mupopere silicone spray pang'ono, kamodzi pamwezi nthawi ya fumbi. Mukanyamula fetereza kapena simenti, tsukani tsiku lomwelo, fetereza amadya zitsulo, simenti ikanyowa imauma m'malumikiziro a timapale. Muloko muike ufa wouma wofewetsera maloko wotchedwa graphite, osati mafuta.

Pobweretsa kuchokera ku Joni, auzeni a thiransipoti kuti katoni yaitali ya tinjanji ikhale pamwamba, isasanjikizidwe ndi katundu wolemera. Polandira tsegulani pomwepo, gonekani kanjanji kalikonse pa simenti yosalala muone ngati kali kowongoka, muwerenge makilampu, timapaipi ndi makiyi. Lisiti musunge, a MRA adzalifuna pachipata powerengera msonkho, ndipo ndalama imeneyo muiphatikize pa bajeti kuyambira pano. Wogulitsayo mumufunse ngati loko, lamba wokokera, malabala ndi kapale kamodzikamodzi amagulitsa padera. Akati ayi, pitani kwina. Pa makampani opanga zivindikirozi, Securi-Lid ndi ya ku South Africa komweko, Mountain Top ndi ya ku Denmark, ndipo kwa ife kuno chomwe zipangizo zake zili pafupi ndiye chanzeru.

Mawa kukacha munditumizire zithunzi zitatu, m'milomo mwa bodi, kuseri kwa kabini, ndi chogwirira cha chitseko chakumbuyo, pamodzi ndi miyezo ya m'litali ndi m'lifupi mkati. Ndikaona ndikuuzani makilampu oti muitanitse. Moni kwa achemwali ndi ana.