Zaka zisanu ndikulipira, koma ngongole ya nyumba sikutsika

Mayi, mwandilembera kuti mwakhala mukubweza ngongole ya nyumba kwa zaka zisanu osaphonya mwezi, koma sitetimenti ya ku banki ikuonetsa kuti ngongoleyo yangosuntha pang'ono. Mukufunsa ngati akukuberani, komanso ngati zonse mwaperekazi zingalowe m'madzi mutadzalephera kulipira.

Zokuberani ndikukayika. Chiwongoladzanja amachiwerengera pa ngongole imene yatsala, ndiye m'zaka zoyambirira chimadya pafupifupi zonse zimene mwapereka. Tiyerekeze kuti munakongola 100, pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka, yobweza m'zaka 20. Mwezi uliwonse muzipereka 1.10. Mwezi woyamba 1.00 ndi chiwongoladzanja, 0.10 yokhayo ndiyo ikhudza ngongole yeniyeni. Pakatha zaka zisanu mumakhala mudakali ndi 92, pakatha zaka 10 mudakali ndi 77. Ngongoleyi imayamba kugwa mooneka chakumapeto. Komabe musangomva zanga zokha: ndi ufulu wanu kupempha banki ikupatseni ndondomeko yolembedwa yoonetsa kumene ndalama ya mwezi uliwonse inapita, muifananize ndi mgwirizano umene munasaina.

Gawo lanu m'nyumbamo ndi mtengo umene nyumbayo ingagulidwe lero, kuchotsapo ngongole yotsala. Limakula mukamabweza, limakulanso mtengo wa nyumba ukakwera, ndipo limachepa mukatengeranso ngongole ina pa chikole chomwecho. Ngati muli ndi kangachepe kapadera, kuonjezera pa malipiro a m'zaka zoyambirira kumadula chiwongoladzanja kwambiri. Musanatero werengani mgwirizano, chifukwa ena amaika chindapusa kwa wobweza nthawi isanakwane, ndipo mulembe kalata yonena kuti ndalamayo ichotsedwe pa ngongole yeniyeni.

Tsopano za kulephera kulipira. Nyumbayo si ya banki, ndi chikole chabe. M'mayiko ambiri lamulo limafuna kuti wokongoza ayambe wakupatsani chidziwitso cholembedwa ndi nthawi yoti mukonze zinthu; kutalika kwa nthawiyo kumatengera lamulo la kumene nyumbayo ili ndi zimene munasaina. Nyumba isanagulitsidwe, muli ndi ufulu woiwombola pobweza zonse zofunika. Ikagulitsidwa, banki imatengapo ngongole yake, chiwongoladzanja ndi zimene yawononga pogulitsa, ndipo zotsala ndi zanu. Vuto lake ndi lakuti nyumba yogulitsidwa mokakamiza kawirikawiri siipeza mtengo wabwino, ndipo zolipira maloya zimachotsedwa pa gawo lanu lomwelo. Ndalama ikaperewera, m'madera ambiri wokongoza akhoza kukutsatiranibe pa yotsalayo. N'chifukwa chake makasitomala anga ndimawauza kuti akangoona kuti mwezi wamawa uvuta, apite okha ku banki kukapempha kuti malipiro akonzedwenso, kapena agulitse okha nyumbayo ndi chilolezo cha banki. Kubisa makalata ochokera ku banki pansi pa matiresi, zimene ndaziona kangapo, kumangodyetsa gawo lanu kwa ena.

Pali mfundo ina imene simunafunse koma yandigwira mtima. Mwati mumalipira limodzi ndi amuna anu. Kodi pa chikalata cha umwini pali maina a nonse awiri? Ngati pali dzina lawo lokha, gawo lanu mungadzavutike kulitsimikizira m'khoti banja likatha kapena iwo akatisiya. Sungani umboni wa ndalama iliyonse yochoka ku akaunti yanu, ndipo kambiranani zoti dzina lanu lilowepo. Banki iyenera kuvomereza kaye popeza nyumbayo ili pa chikole.

Tsiku lomaliza kubweza, musangotenga chikalata chanu n'kumapita. Pemphani kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, ndipo onetsetsani kuti chikolecho chafufutidwa mu kaundula wa malo. Chikapanda kufufutidwa, aliyense wofufuza adzapezabe dzina la banki pa nyumba yanu pamene mukufuna kuigulitsa.