Za zipolopolo za chifefe, kuyankha achimwene a ku Luchenza

Achimwene, mwati chilolezo cha mfuti yanu ya chifefe ya 12 bore chatuluka, anzanu akukulimbikitsani kugula zipolopolo zamphamvu kwambiri zotchedwa magnum kuti muteteze nyumba ndi golosale, koma alamu atayesa kuwombera kamodzi phewa linatupa ndipo safunanso kuigwira. Magnumyo isiyeni kaye.

Yambani mwawerenga manambala amene anadinda pampope wa mfuti, chapafupi ndi polowetsera chipolopolo. Mukaona 12/70 ndiye kuti imalandira zipolopolo zotalika mamilimita 70, pomwe magnum nthawi zambiri ndi ya 76. Choopsa n'choti cha 76 chimatha kulowa bwinobwino m'mfuti ya 70, chifukwa chisanaphulike kukamwa kwake kumakhala kopinda. Pophulika chimasowa malo otsegukira, mphamvu n'kuchuluka mkati kuposa imene chitsulocho anachipangira. Mfuti zina zakale za ku Britain, monga zimene zinatsala m'manja mwa anthu kuno kumaesiteti a tiyi, ndi za 65 basi.

Mkati mwa chipolopolo muli timipira ta mtovu, ndipo kusiyana kwenikweni kuli pamenepo. Za mbalame, nambala 6 kapena 7, zimakhala ndi timipira tambirimbiri tosafika mamilimita 3. N'zabwino kwa nkhwali ndi nkhanga, koma timipirato sitilowa kwambiri, choncho sizodalirika moyo ukakhala pachiswe. Zolembedwa SG, zomwe Amereka amati 00 buck, nthawi zambiri zimakhala ndi timipira 9 ta mamilimita pafupifupi 8.4. SSG ndi AAA n'zocheperapo. Slug ndi chimtovu chimodzi cha magalamu ngati 28, chimauluka kutali kwambiri, ndipo pamalo poti nyumba zinathithikana ngati pa Luchenza ine sindingachiganizire n'komwe. Ndikanakhala inu ndikanatenga SSG kapena SG za 70, makamaka zolembedwa low recoil, kutanthauza zosakankha kwambiri, ngati wogulitsa wovomerezeka ali nazo.

Musanyengedwe ndi khoma la njerwa zootcha. Khomalo likhoza kugwira timipira, koma chitseko cha chipinda cha ana, siling'i, galasi la pawindo ndi malata sizigwira kanthu. Imani pakhomo la chipinda chanu masana, muyang'ane mbali iliyonse, mudzifunse amene amagona kuseri kwake.

Kukankha kwa mfuti kumachokera pa kulemera kwa mtovu, liwiro lake, ndi kulemera kwa mfutiyo. SG wamba imatuluka pa liwiro la mamita ngati 400 pa sekondi, ya low recoil cha m'ma 350, ndipo phewa limamva kusiyanako. Pamtunda wa m'nyumba, mamita 5 kapena 7, liwiro lochepalo n'lokwanira. Mfuti yopepuka imakankha kwambiri kuposa yolemera, n'chifukwa chake ya mpope umodzi yothyola pakati ija imapweteka chonchija.

Phewa la alamu ndikukhulupirira linatupa chifukwa cha kagwiridwe. Munthu wamantha amatalikitsa mfuti ndi thupi, ndiye imathamanga kaye kenako n'kumumenya. Thako la mfuti likhale lokanikiza pamnofu wa pakati pa phewa ndi chifuwa, osati pafupa kapena pamkono. Tsaya ligunde mtengo, mwendo umodzi patsogolo, thupi lopendekera kutsogolo ngati mukukankha njinga yonyamula matumba pachitunda. Ikani labala kuthako, ndipo ngati mtengo wawatalikira, mmisiri wa mfuti akhoza kuufupikitsa. Pophunzira ayambe ndi za mbalame zopepuka, atatseka m'makutu. Phokoso ndi limene limaopsa anthu ambiri kuposa kukankhako.

Zoti chifefe sichiphonya ndi nkhambakamwa. Pamamita 5 timipira timakhala tisanamwazike, timabowola malo ongokwana chikhatho. Funsani apolisi malo ololedwa oyeserera, muimike katoni pamtunda wofanana ndi khonde lanu, muone nokha mmene zipolopolo mwagulazo zikugwera, poti mfuti iliyonse imamwaza mosiyana.

Chinyontho chathu chino, mvula ndi chiperoni, chimadya zipolopolo. Chitsulo cha kumunsi chimachita dzimbiri, zapepala zimafufuma n'kukanirira. Zisungeni m'bokosi lotseka bwino, lokhoma, kutali ndi ana.

Zipolopolo nazonso zili pansi pa lamulo la mfuti la 1967, choncho muzigula kwa wogulitsa wa chilolezo, osati za m'thumba mwa munthu. Chilolezocho sichikupatsani ufulu wowombera wakuba amene akuthawa ndi nkhuku kapena thumba la shuga. Khoti limayang'ana ngati moyo unalidi pangozi komanso ngati mphamvu munagwiritsa ntchito inali yoyenera. Mugulenso tochi yowala kwambiri. Usiku magetsi atazima, wogwedeza chitseko akhoza kukhala mlonda wanu kapena mphwanu wochokera kumowa.